Makina akakana kuwerenga khadi kapena tagi pantchito: poyambira kufufuza

Pamalo pantchito pomwe anaika makina a RFID, amene amawerenga makhadi a antchito ndi matagi omata pa katundu pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, sipasowa madandaulo awiri. Loyamba ndi la pageti: munthu wagunditsa khadi, kanyali kofiira kayaka, chitseko sichikutseguka. Mwinanso chimatseguka bwinobwino, koma mwezi ukatha kompyuta ikuonetsa kuti masiku ena munthuyo sanabwere kuntchito. Lachiwiri ndi la mosungira katundu: makatoni ali pashelufu, maso akuwaona, koma chowerengera chikuti palibe, kapena paleti yomwe sinasunthe n'komwe yalembedwa kuti inatuluka dzulo masana.

Zikatere ambiri amathamangira kuloza munthu chala. Kalaliki akuti wasokoneza, mlonda akuti anagona, wantchito akuti anajomba. Chofunika kudziwa musanafike pamenepo n'chakuti makinawa saona munthu ndipo saona katundu. Amangolemba kuti pa nthawi yakutiyakuti eriyo yakutiyakuti inamva nambala yakuti. Pamene sanamve salemba kanthu, ndipo zifukwa zosamvera ndi zambiri kuposa kuba ndi kujomba. Zambiri mwa izo mungazipeze nokha musanaitane katswiri.

Dziwani kaye mtundu wa tagi imene muli nayo

Matagi ambiri alibe batire. M'kati mwake muli kachipu kakang'ono ndi kawaya kopyapyala komwe ndi eriyo yake. Chowerengera chimatumiza mafunde a wailesi, tagi n'kutolapo mphamvu yodzukira, kenako n'kubweza yankho pa mafunde omwewo. Zili ngati kalilole usiku: alibe kuwala kwake, amangobweza kwa tochi imene mwamuunikira, ndipo mukamutembenuza kapena kumuphimba simuonanso kanthu. Mavuto ochuluka amayambira pamenepa, mphamvu sinafike pa tagi kapena yankho silinabwerere.

Mitundu yake ikuluikulu ndi itatu, ndipo siimvana. Pali makhadi a 125 kHz, omwe ndi akalekale a pazitseko, monga EM4100 ndi HID Prox. Pali a 13.56 MHz, monga MIFARE, omwe ali banja limodzi ndi makhadi akubanki ongogunditsa komanso NFC, njira imene foni imawerengera khadi likaigunda. Awiriwa amawerengedwa pafupi, masentimita ochepa chabe. Ndiye pali a UHF, a pakati pa 860 ndi 960 MHz, masitika aja omata pa makatoni, amene amawerengedwa patali mamita angapo ndiponso ambirimbiri nthawi imodzi. Khadi la 125 kHz silingagwire pa chowerengera cha 13.56 MHz ngakhale litakhala latsopano chotani, koma kunja onse amaoneka oyera mofanana. Ofesi ikagula makhadi owonjezera kwa wogulitsa wina ndiye bokosi lonse likukana, yambirani apa.

Kusiyanitsa sikuvuta. Yatsani NFC pafoni, ikani khadi kumbuyo kwake. Foni ikalizindikira, ndi la 13.56 MHz, la 125 kHz foni siliona. Ngati khadi ndi lopyapyala, liunikeni ndi tochi kumbuyo muli m'chipinda chamdima. Mukaona waya wozungulira ngati mphete yokhuthala, kawirikawiri ndi la 125 kHz. Mukaona mizere yochepa yotsata m'mphepete mwa khadi, ndi la 13.56 MHz.

Pageti: munthu mmodzi kapena onse?

Funso limeneli limadula ntchito pakati. Ngati akukanidwa ndi munthu mmodzi pa zitseko zonse, vuto lili pa khadi lake kapena pa zomwe zinalembedwa za iye mu pulogalamu. Ngati akukanidwa anthu onse pa chitseko chimodzi, siyani makhadi, yang'anani chitsekocho.

Tiyambe ndi wa yekha uja. Mverani chowerengera akagunditsa. Ngati sichikulira n'komwe, khadi silinamveke. Liyang'anitsitseni: kodi linabooledwa kuti amangepo chingwe chovala m'khosi? Bowo loboola pamalo olakwika limadula waya wam'kati, ndipo khadi limafa pomwepo ngakhale kunja likuoneka labwino. Khadi lokhala m'thumba lakumbuyo la thalauza limapindika tsiku ndi tsiku mpaka waya kuduka pomwe walumikizana ndi chipu, ndipo lotere limayamba n'kugwira mwa apo ndi apo lisanaferetu. Palibe chokonza, mpatseni lina. Onaninso mmene akugunditsira. Wogunditsa chikwama chonse cha ndalama, muli khadi lakubanki ndi la kuntchito limodzi, amasokoneza chowerengera chifukwa makhadi awiri akuyankha pamodzi kapena likuyankha lolakwika. Ku London bungwe la Transport for London limachenjeza okwera sitima ndi mabasi za vuto lomweli. Khadi loikidwa kumbuyo kwa foni, kapena m'kachikwama kokhala ndi chitsulo, nalonso limagontha.

Ngati chowerengera chikulira koma chitseko osatseguka, khadi lili moyo. Tsopano pitani pa kompyuta mukaone zomwe makina alemba pa mphindi imeneyo. Pulogalamu yabwino imanena chifukwa: khadi losadziwika, nthawi yosaloledwa, tsiku lotha ntchito lapitirira, kapena chitseko chimene munthuyo sanapatsidwe. Chimene chimavutitsa anthu kwambiri ndi anti-passback. Ili ndi lamulo loti khadi lomwe silinalembedwe kuti latuluka silingalowenso. Munthu akatuluka pa nkhomaliro atatsatira mnzake amene wamugwirira chitseko, makina amadziwa kuti akadali m'kati, ndipo pobwera amamukana. Apa khadi silinalakwe. Konzani mu pulogalamu kuti aoneke kuti anatuluka, ndipo muuzeni chifukwa chake, apo ayi mawa zichitikanso.

Palinso nkhani ya nambala, imene ndikufuna tiikhalire pang'ono chifukwa imabisala kwambiri. Zowerengera zambiri za pazitseko zimatumiza nambala ku bokosi la controller, lomwe limalamula kuti chitseko chitseguke kapena ayi, m'njira yotchedwa Wiegand, ndipo yofala kwambiri ndi ya 26-bit. M'menemo mumakwana nambala ya malo yoyambira 0 mpaka 255, ndi nambala ya khadi yoyambira 0 mpaka 65535, basi. Koma pa makhadi ambiri nambala yeniyeni ya m'khadi imakhala yaitali kuposa pamenepo, choncho chowerengera chimadulako. Chowerengera cha kampani ina chimadula kutsogolo, china kumbuyo, china chimatembenuza dongosolo la manambala. Zotsatira zake, khadi limodzi lomwelo limaoneka ndi nambala ina pa kachowerengera ka USB ka pa desiki ya wolemba antchito, n'kuonekanso ndi nambala ina pageti. Mwalembetsa munthu bwinobwino, geti likuti silimudziwa. Njira yachidule ndi kulembetsa khadi pogunditsa pa chowerengera cha pachitseko chenicheni, n'kutenga nambala imene yatuluka pamenepo. Njira yokhalitsa ndi kutchera zowerengera zonse kuti zizitulutsa nambala mofanana.

Kudula nambala kuli ndi vuto linanso loipirapo: makhadi awiri osiyana akhoza kutsala ndi nambala imodzi. Pamenepo mupeza munthu amene ali patchuthi kumudzi akuoneka kuti analowa m'chipinda cha katundu. Musanamuitane kukamufunsa, fufuzani mu pulogalamu ngati nambala yakeyo siikupezekanso pa khadi la wina. Dziwaninso kuti makhadi a 125 kHz alibe chitetezo chenicheni, amakopedwa ndi kachipangizo kotchipa m'kanthawi kochepa. MIFARE Classic nayonso chitetezo chake chinathyoledwa poyera cha m'ma 2007 ndi 2008, ndipo ena mwa amene anachita zimenezi anali ofufuza a pa Radboud University ku Nijmegen. Choncho nambala ya khadi payokha si umboni woti mwini wake ndiye analowa. Pa zipinda zosungira ndalama, mankhwala kapena katundu wodula, ine ndimaona kuti n'koyenera kusamukira ku makhadi ngati MIFARE DESFire, ndipo makina azitcheredwa kuwerenga mbali yotetezedwa ya khadi, osati nambala yapoyera ija imene aliyense angawerenge.

Chitseko chikakana aliyense

Apa wokayikiridwa woyamba ndi magetsi. Tsegulani bokosi la pawa, muyeze ndi mita. Makina ambiri otere amayendera 12 V, ndipo m'bokosimo mumakhala batire lothandiza magetsi akathima, kawirikawiri la 12 V 7 Ah. Kumene magetsi amathimathima batire limeneli silikhalitsa, chifukwa limatheratu kawirikawiri, ndipo kutentha kumalimaliza msanga. Likhoza kuonetsa 12 V pamene palibe chikukoka mphamvu, koma n'kugwa loko akangogwira. Ndiye yezani loko ali pantchito, ndipo yezani kumapeto kwa waya, pa chowerengera penipeni, osati m'bokosi mokha. Waya wautali ndi wopyapyala amadya mphamvu m'njira. Chowerengera cholandira magetsi operewera chimayaka nyali ngati chili bwino, koma mtunda wowerengera umafupika mpaka khadi lizichita kukanikizidwa.

Ngati chowerengera chimazima n'kuyakanso nthawi iliyonse loko akamasuka, onani ngati anaikapo diode pa loko. Koyilo ya loko ikadulidwa magetsi imabweza mphamvu mwadzidzidzi m'mawaya, ndipo diode ndiyo imaimeza. Oika makina othamanga amaiwala kachinthu kameneka.

Kenako mawaya a uthenga. Pa Wiegand wobiriwira ndi D0, woyera ndi D1, ndipo umodzi ukamasuka kapena akasinthanitsidwa chowerengera chimalirabe koma nambala yofika ku bokosi imakhala yopotoka. Wiegand siyenera kupitirira mamita pafupifupi 150, ndipo waya wake asayende mupaipi imodzi ndi mawaya a magetsi akuluakulu. Kwerani musiling'i mukaone ngati makoswe sanadyeko. Vuto likayamba tsiku lotsatira mvula yaziphaliwali, makamaka pa geti lakunja lomwe waya wake wadutsa pansi kuchoka ku nyumba ina, ganizirani kuti polowera waya pa bokosi papsa. Sunthirani chowerengeracho pa malo ena a bokosi lomwelo muone. Madzi olowa kumbuyo kwa chowerengera m'dzinja amachitanso zomwezo pang'onopang'ono, ndipo mudzaona zobiriwira pa zomangira mawaya.

Chowerengera chokhomedwa pa felemu yachitsulo chimataya mtunda, ndipo opanga amagulitsa kapulasitiki koika pakati. Ziwiri zokhomedwa moyang'anana kumbuyo, china kunja china m'kati mwa khoma lopyapyala, zimasokonezana, mwinanso khadi limodzi limawerengedwa ndi zonse ziwiri, munthu n'kulembedwa kuti walowa ndi kutuluka pa sekondi imodzi. Zisiyanitseni, china chikwere kapena chisunthire pambali.

Chimodzi chosanyengerera: pokonza zonsezi musatseke njira yothawira moto. Chitseko cha loko wa maginito chiyenera kumasuka magetsi opita ku lokoyo akaduka kapena alamu ya moto ikalira, ndipo batani lotsegulira mwadzidzidzi liziyesedwa. Osamangirira chitseko ndi unyolo podikira katswiri muli anthu m'kati.

Makina akuti sanabwere, iye akuti anabwera

Dandaulo ili ndi lopweteka chifukwa limakhudza malipiro. Yambani ndi wotchi ya makina. M'kati mwa bokosi muli kabatire kakang'ono konga ndalama yachitsulo, nthawi zambiri CR2032, kosunga nthawi magetsi akathima. Kakatha, makina amadzuka ndi tsiku la zaka zapitazo, ndipo aliyense wogunditsa m'mawa umenewo amalembedwa pa tsiku lolakwikalo. Zolembazo sizinatayike, zili pa deti limene palibe akuliyang'ana. Fufuzani mu pulogalamu popanda kuika malire a masiku, mudzazipeza zitaunjikana pamodzi. Onaninso chigawo cha nthawi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse ali pa UTC+2 ndipo sasintha wotchi pachaka, pamene China ili pa UTC+8. Mukaona zolemba zonse zasuntha ndi maola 6 ndendende, ndiye kuti makina akadali pa nthawi ya kumene anapangidwa. Zikasuntha ndi ola limodzi miyezi ina yokha, wina anayatsa zosintha nthawi za ku Ulaya.

Antchito ausiku ndiwo amalakwiridwa kwambiri. Wolowa 10 koloko usiku n'kuweruka 6 koloko m'mawa amagunditsa pa masiku awiri osiyana, ndipo pulogalamu yosatcheredwa bwino imaona tsiku loyamba kulowa kopanda kutuluka, lachiwiri kutuluka kopanda kulowa, n'kumuika kuti wajomba onse awiri. Ngati odandaula ambiri ndi alonda ndi a shifiti yausiku, musavutike ndi makhadi awo, konzani ndandanda ya mashifiti mu pulogalamu.

Netiweki ikaduka, makina a pakhomo amasunga zolemba m'kati mwake kudikira kuti ibwerere. Malo osungirawo ali ndi polekezera, ndipo akadzaza makina ena amafufuta zakale, ena amasiya kulemba zatsopano. Choncho mukaona mpata wa masiku angapo pa anthu onse a khomo limodzi, kokani zolemba pa makinawo mwachindunji ndi fulashi musanachite china chilichonse, ndipo musawabwezeretse ku mmene anachokera kufakitale musanakoke.

Pa nthawi yonse imene mukufufuza, ikani buku losainira pageti. Ndipo musadule malipiro a munthu potengera mpata wa mu kompyuta wokha. Funsani kapitawo wake, onani buku la mlonda, onani ntchito imene anagwira tsikulo. Ku Malawi lamulo la ntchito la 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ndipo zolemba za makina omwe wotchi yake inasokonekera ndi umboni wofooka kwambiri woti bwana aimirirepo.

Mosungira katundu: matagi osamveka

Adani a UHF ndi awiri, chitsulo ndi madzi. Sitika wamba ikamatidwa mwachindunji pa chitsulo, eriyo yake imasokonekera ndipo imakhala ngati yafa. Madzi amameza mafunde, ndiye makatoni a zakumwa, sopo wamadzi, madiripi akuchipatala, nyama, ngakhale matabwa aawisi ndi makatoni onyowa amafupikitsa mtunda kwambiri. Si vuto la inu nokha. Walmart, kampani yaikulu ya masitolo ya ku America, italamula mu 2003 kuti makampani 100 akuluakulu oigulitsa katundu azimata matagi pa makatoni ndi mapaleti pofika Januwale 2005, katundu wamadzi ndi wam'zitini ndi amene anavutitsa kwambiri.

Musayambe ndi kukweza mphamvu. Tengani tagi imodzi imene mukudziwa kuti ndi yabwino, muimate pa katoni yopanda kanthu, muyeze kuti ikumveka patali bwanji. Umenewo ndiwo muyeso wanu. Kenako imateni pa katundu wovutayo muyezenso. Mtunda ukagwa kwambiri, vuto ndi katunduyo kapena malo omatapo. Mtunda ukakhala wochepa ngakhale pa katoni yopanda kanthu, vuto ndi chowerengera, eriyo kapena waya wake.

Pa katundu wachitsulo, monga malaputopu, masilinda a gasi, zida za pagalaja ndi mabedi akuchipatala, gulani matagi opangidwira chitsulo. Ndi okhuthalapo ndiponso odulirapo, koma palibe njira ina yodalirika. Pa katoni ya mabotolo, funani pamene m'kati muli mpata wa mpweya, kawirikawiri kumtunda kufupi ndi makosi a mabotolo, mumate pamenepo. Kusuntha sitika ndi masentimita ochepa kumasintha zinthu kwambiri. Samalaninso ndi zitsulo zobisika: mapaketi okhala ndi aluminiyamu m'kati, mapepala a mapiritsi, matumba onyezimira osungira zida za kompyuta. Mukapeza malo abwino, jambulani chithunzi, muchipachike pomwe amamatira, kuti aliyense azimata pamodzimodzi.

Katoni ya pakati penipeni pa paleti ya zakumwa siidzamveka, chitani chilichonse chimene mungathe. Njira yake ndi kuwerenga makatoni pamene akupakiridwa, kuwalumikiza mu pulogalamu ndi tagi imodzi ya paleti, ndiye pageti muziwerenga ya paletiyo.

Mmene tagi yaimira n'kofunikanso. Eriyo zina zimatumiza mafunde oima mbali imodzi, ndipo zimafika patali koma zimafuna kuti tagi igone mogwirizana nazo. Ikatembenuzidwa chopingasa imasowa. Zina zimatumiza mafunde ozungulira, zimafika pafupiko koma sizisankha kuti tagi yaima bwanji. Pa khomo lodutsa katundu wosanjidwa mosiyanasiyana, zozungulirazo ndizo zoyenera. Tagi yoloza eriyo ndi nsonga yake imamveka movutikira pa mtundu uliwonse. M'nyumba ya malata ndi mashelufu achitsulo mafunde amagunda n'kubwerera, ndipo pamalo ena amafafanizana. Utali wa funde limodzi la UHF ndi masentimita pafupifupi 35, choncho malo ogonthawa amakhala aang'ono komanso oyandikana. N'chifukwa chake wowerenga ndi chowerengera cham'manja sayenera kuima chilili. Aziyenda pang'onopang'ono, akuyendetsa dzanja m'mwamba ndi m'munsi, ndipo thupi lake lisakhale pakati pa chowerengera ndi katundu, pakuti thupi la munthu ndi madzi ambiri. Pa chifukwa chomwecho baji ya UHF yokhudza pachifuwa kapena yokhala m'thumba lakumbuyo imadutsa pakhomo osamveka.

Ngati muyeso uja unaonetsa kuti vuto ndi makina, gwirani polumikizira waya wa eriyo aliyense muone ngati sanamasuke. Forklift imagunda eriyo n'kuitembenuza, ndipo palibe amanena. Waya wa eriyo wopindidwa kwambiri kapena wopondedwa amataya mphamvu ngakhale kunja asakuoneka kuduka. Sinthanitsani mawaya a eriyo ziwiri: vuto likasamuka, mwapeza wolakwa. Zowerengera zina zolandira magetsi kudzera pa waya wa netiweki zimadzichepetsera mphamvu ngati switch, kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, ikupereka magetsi wamba otchedwa PoE m'malo mwa ochulukirapo otchedwa PoE+, ndiye ngati zinayamba kuvuta atasintha switch, onani pamenepo.

Onaninso kuti chowerengera chinapangidwira dera liti. Za ku America zimayenda pa 902 mpaka 928 MHz, za ku Ulaya pa 865 mpaka 868 MHz. Chowerengera cha ku America chimagwera pafupi kapena pamwamba penipeni pa mafunde a 900 MHz amene mafoni am'manja amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa, ndiye chikhoza kusokoneza ena n'kusokonezedwanso. Musanaitanitse makina pa intaneti, funsani bungwe loyang'anira mafunde, MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, ICASA ku South Africa, kuti ololedwa ndi ati. Matagi enanso, makamaka a pachitsulo, amapangidwira dera limodzi, ndipo akagwiritsidwa ntchito kwina mtunda umachepa.

Katundu wolembedwa kuti watuluka ali pomwepo

Ili ndi vuto la mphamvu yochuluka. Munthu anaona kuti matagi ena sakumveka, anakweza mphamvu mpaka kumapeto, ndipo tsopano eriyo ya pakhomo ikumva mapaleti oimikidwa pambali, a pa khomo loyandikana, ngakhale a kuseri kwa khoma. Thiraki yachitsulo ikaima pakhomo imabweza mafunde m'kati mwa nyumba, n'kudzutsa matagi amene tsiku lonse anali chete. Ngati zolemba zabodzazi zimabwera pa nthawi yopakira, chifukwa chake n'chimenecho.

Kukweza mphamvu sikupindulitsa monga anthu amaganizira. Mphamvu ya chowerengera imayezedwa mu dBm: 30 dBm ndi wati imodzi, ndipo kuchotsa 3 dB ndi kudula mphamvu pakati. Koma kuwirikiza mphamvu kawiri sikuwirikiza mtunda kawiri, kumangoonjezera pang'ono kuchepera theka. Tsitsani pang'onopang'ono, mukudutsitsa paleti yoyesera, mpaka mufike pomwe yodutsa ikumveka yonse koma yoima pambali yasiya. Weramitsani eriyo ziyang'ane pansi ndi m'kati mwa khomo. Jambulani mzere wa penti pansi, ndipo katundu wa matagi asaimikidwe kudutsa mzerewo. Ngati n'kotheka ikani kachipangizo koona kuti chinthu chadutsa, kuti chowerengera chiziyaka pokhapokha pakudutsa katundu. M'chipatala kusamala ndi mphamvu n'kofunika koposa: kafukufuku wochitikira ku Amsterdam, wofalitsidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2008, anaonetsa kuti zowerengera za RFID zikayandikira zikhoza kusokoneza zida zothandizira odwala mwakayakaya.

Pali china chobisika m'zotchera, chotchedwa session. Tagi ya UHF ikawerengedwa imatha kukhala chete kwa kanthawi kuti ipatse mpata zinzake. Session ndiyo imanena kutalika kwa kanthawiko, ndipo alipo anayi, S0 mpaka S3. Pa S0 imaiwala kuti inawerengedwa mphamvu ikangochoka. Pa S1 imakhala chete pakati pa theka la sekondi ndi masekondi 5. Pa S2 ndi S3 imakhala chete nthawi yonse imene ikulandira mphamvu, n'kupitirirabe kwa kanthawi itachoka. Zowerengera ziwiri zoyandikana zikakhala pa S2 zonse, choyamba chimagoneka tagi, chachiwiri n'kuiphonya. Ikani china pa S2, china pa S3.

Ngati chiwerengero chikuperewera koma tagi iliyonse payokha ikumveka, ganizirani za nambala zobwerezedwa. Printa ikadinda nambala imodzi pa masitika khumi, chowerengera chimaona chinthu chimodzi, ndipo pa pepala makatoni asanu ndi anayi asowa. Tagi iliyonse ili ndi nambala ina ya kufakitale yotchedwa TID, yosasinthika. Iwerengeni, mudzaona ngati ndi matagi osiyana ovala nambala imodzi. Printa za kampani ya Zebra zimadinda mawu oti VOID pa sitika imene yalephera kulembedwa. Auzeni omata kuti yotereyo ndi yotaya, chifukwa pothamanga ena amaimata ndithu. Guluu nayenso amagonja pa fumbi, mafuta ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala pansi pa malata, ndiye sesani pansi pa mashelufu: sitika yogwa imapitiriza kunena kuti katundu alipo pamene anapita kalekale.

Mabaji a batire osonyeza pamene munthu ali

Awa ndi osiyana, amadzilankhulira okha, ena pa Bluetooth, ena pa 433 MHz, ena pa mtundu wina wa mafunde wotchedwa UWB. Munthu akasowa pa mapu, choyamba ndi batire, ndipo baji yotcheredwa kulankhula pafupipafupi imalimaliza msanga. Akaoneka m'chipinda cholakwika, kumbukirani kuti Bluetooth imangoyerekeza mtunda potengera kukula kwa mafunde, imaphonya ndi mamita angapo, ndipo mafunde amadutsa khoma ndi siling'i. UWB imalondola mpaka masentimita makumi ochepa koma ndi yodula. Mashelufu akasunthidwa kapena khoma latsopano likamangidwa, makina ayenera kuyezedwanso.

Nthawi zina makina ali bwino, koma mabaji ali m'madirowa. Anthu amawavula akaona kuti akuwerengeredwa mphindi za kuchimbudzi, kapena pamene sanauzidwe n'komwe kuti akutsatidwa chifukwa chiyani. Limeneli si vuto lokonza ndi sikuludiraiva. Khalani nawo pansi, muwauze chimene chikulembedwa, amene amachiona, ndi nthawi imene chimasungidwa. Zimitsani kutsata m'zimbudzi, mosinthira zovala ndi mopumira. Kumene munthu ali ndi nthawi imene wafika ndi zinthu zake zachinsinsi pamaso pa lamulo: Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024, Zambia ili ndi yake ya 2021, South Africa ili ndi POPIA. Kumene baji ndi ya chitetezo, monga mumgodi kapena pofuna kudziwa amene watsala m'nyumba moto ukabuka, nenani momveka kuti ntchito yake ndi imeneyo ndipo musaigwiritse ntchito pa zina, chifukwa baji yosiyidwa m'dirowa tsiku la ngozi idzatumiza opulumutsa kolakwika.

Zikakanika, muitaneni katswiri muli ndi izi m'manja

Lembani dzina ndi nambala ya mtundu wa chowerengera ndi ya matagi, khomo kapena eriyo imene ikuvuta, tsiku ndi ola la zochitika zingapo, ndi zomwe pulogalamu inalemba pa nthawizo. Onjezani zimene mwayeza: magetsi pa chowerengera loko ali pantchito, ndi mtunda wa tagi yoyesera pa katoni yopanda kanthu komanso pa katundu weniweni. Nenani chimene chinasintha sabata imene vuto linayamba, kaya ndi makhadi atsopano, switch ina, jenereta, mashelufu osunthidwa kapena mvula yamphamvu. Sungani makhadi ndi masitika okanawo mu envelopu, musawataye, kuti akawayese. Ndipo pokonza muzisintha chinthu chimodzi, kuyesa, kulemba zotsatira, kenako china. Mukasintha mphamvu, session ndi malo a eriyo nthawi imodzi, ngakhale zitagwira simudziwa chimene chathandiza, ndipo vutolo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi.